Ulendo wokaona chipilala cha asilikali ku Zomba: pitani, koma flaya ija musaikhulupirire

Pali mnyamata wina wa pa Nchalo yemwe wayamba geni yotenga anthu pa kosta nkumakawaonetsa malo, dzina sinditchula, inu amene muli m'magulupu a WhatsApp a kuno kuchigwa flaya yake mudaiona kale, ija ili ndi msilikali wamkuwa ataimirira ndi mfuti ya beneti. Ife a banki mkhonde ya pa Ngabu tidasonkha nkulipira ulendo wake wa ku Zomba wokaona chipilala cha asilikali, nde poti ambiri mwakhala mukundifunsa ngati zili bho kapena nkungotaya ndalama, ndati ndingolemba kamodzi aliyense adziwerengere. Mtengo sindiika apa chifukwa ndi mmene mafuta akuvutiramu zomwe tidalipira ife mwina pofika mawa zikhala zitasintha, mumufunse mwini wake. Mu ndalamayo muli thiransipoti, lanchi, botolo limodzi la madzi ndi gaidi.

Ndiyambe ndi flayayo poti ndi yomwe idatikoka. Msilikali wamkuwa ujatu ku Zomba kulibe. Chithunzi chija ndi cha ku Dar es Salaam, chiboliboli cha askari chomwe chidaimikidwa mu 1927 pakati pa tauni, mnyamatayu adangochitola pa intaneti nkuphatikapo nambala yake ya foni. Pansi pake nkulembanso kuti "pomwe makolo athu adamenyera nkhondo", limenelo ndi bodza lachiwiri, pa Zomba Ajeremani sadafikepo, komwe mfuti zidalira mdziko muno ndi ku Karonga uko pa 9 September 1914 ndipo manda a omwe adafa tsikulo, Angerezi ndi Ajeremani omwe, ali komweko. Titamupanikiza adangoseka nkuti "akuluakulu pepani, ndi maketing'i basi, chithunzi cha njerwa sichikoka anthu". Amayi ena adakwiya zenizeni poti adali atauza ana awo kuti akabwera ndi selefi atagwira mwendo wa msilikaliyo. Ine ndidamuuza kuti achimwene, chinthu chomwe chili ku Zomba ndi chokwanira pachokha, simukufunika kubwereka cha Atanzania.

Za mayendedwe ndidutsepo msanga. Adati 4 koloko m'mawa tikhale tili pa siteji, kosta idafika kunja kutayera kale, chifukwa chake akuti amasaka dizilo, izi sindingamuweruze nazo kwambiri poti tonse tikudziwa. Tidatola ena pa Nchalo, ena pa Dyeratu, ndipo apa mpomwe adadzaza mpaka timipando topinda tapakati tija, munthu wamiyendo yaitali pewani pamenepo. Dalaivala yekha nde ndimupatsa ulemu wake wonse. Kuchoka pa Kamuzu Bridge, kudutsa rodibuloko ya pa Thabwa nkuyamba zikweza zija, bambo ameneyu sadapikisane ndi aliyense, matiraki a shuga amangowatsata mpaka pomwe akuona kutsogolo, ndipo pobwerera usiku amatsika ndi giya osati kumangoponda mabuleki mpaka kununkha ngati amachitira ena aja. Nyimbo zokha ndi zomwe zidali zaphokoso, agogo ena atadandaula adatsitsa. Kuchoka mu Limbe kudzera Namadzi ndi Thondwe msewu uli bwino, ndi makilomita 60 ndi kanthu basi.

Chomwe palibe adatichenjeza ndi kuzizira. Tidapita mu June, ndipo ife anthu a kuchigwa June wathu timagona ndi chitenje chokha, nde kungotsika pa Zomba mphepo ya kuphiri ija idatilandira moti azibambo akuluakulu amapempha zitenje kwa akazi awo. Mzere umodzi pa flaya woti tengani juzi ukadakwana.

Tsopano chipilalacho. Chili polowa mu Zomba mukamachokera ku Blantyre, kufupi ndi Cobbe Barracks, nsanja yaitali ya njerwa zofiira yokhala ndi wotchi kumwamba, simungaiphonye. Ndi cha asilikali a King's African Rifles, KAR, ochokera mu Nyasaland omwe adafa pa nkhondo yoyamba ya dziko lonse, ya 1914 mpaka 1918, yomwe akuluakulu amaitchula kuti nkhondo ya Chiwaya. Poti ndi malo oyandikana ndi asilikali, gaidi wathu adatiimika kaye nkupita kukalankhula ndi omwe adali pamenepo, kenaka adatiuza komwe tingalozetse kamera ndi komwe tisayerekeze, izi adachita bwino ndipo inunso mukapita panokha osangofikira kujambula, pemphani kaye. Pamalopo ndi posesedwa, palibe wogulitsa chilichonse wokuvutitsani, palibe phokoso kupatula magalimoto a mumsewu.

Kutali imangooneka nsanja basi, ukhoza kunena kuti ndabwerera ichi? Koma ukayandikira nkuyamba kuwerenga mayina zimasintha. Mayina ndi ambiri anthuni, ondondozana ngati mizere ya nzimbe pa Nchalo, ukamati ndamaliza kumapezeka kuti mbali inayo aliponso, ndipo si mayina achilendo ayi, ndi mayina omwe timaitanirana mmidzimu, ena a Chiyao, ena a Chingoni, ena a Chinyanja, ena olembedwa mopotoka mmene mzungu kapena kalaliki wake adawamvera. Gulu lathu lidafika likuseka za flaya ija koma patapita kanthawi aliyense adali ndi chala pa dzina, wina akuitana mnzake kuti tabwerani muone ili ngati la kwanu.

Gaidi ndi mphwake wa mwini geniyo, kamnyamata kaulemu, kakuti "amayi" "abambo" mpaka kumapeto, ndipo zina akuzidziwa ndithu. Adatifotokozera kuti KAR idakhazikitsidwa mu 1902 ndipo mabataliyoni awiri oyambirira adali a kuno kwathu, kuti balakisiyo idatenga dzina la Alexander Cobbe, mzungu yemwe adatsogolera asilikali a kuno ku Somaliland nkupata mendulo ya Victoria Cross chaka chomwecho cha 1902. Pomwe adatisangalatsa ndi nkhani ya pa nyanja, yoti nkhondo itangoyamba mu August 1914 sitima ya Angerezi ya Guendolen idapita ku Sphinxhaven, komwe pano ndi Liuli ku Tanzania, nkukaombera sitima ya Ajeremani ya Hermann von Wissmann ili pamtunda ikukonzedwa, eni ake asakudziwa nkomwe kuti nkhondo yayamba, ndipo mfuti ya Guendolen mpaka lero ili pa Mangochi pafupi ndi nsanja ya wotchi. Amaifotokoza ndi manja omwe, anthu mpaka kuomba mmanja. Koma akangochoka pa zomwe adaloweza amasochera, penapake adati onsewa adaphedwa ndi Hitler, aphunzitsi ena opuma omwe tidali nawo adachita kumugwira paphewa nkuti mwana wanga, Hitler ndi wa nkhondo yachiwiri, 1939 mpaka 1945, ija anyamata athu adapita ku Abyssinia, ku Madagascar ndi ku Burma, apa tikukamba za Lettow-Vorbeck, mkulu wa asilikali a Ajeremani kuno kummawa kwa Africa. Mnyamatayo sadachite makani, adatulutsa foni nkulemba, chimenecho ndidachikonda.

Pomwe ulendowu udandikhudza, komanso pomwe ndikuona kuti geni imeneyi ikuperewera, ndi apa. Tidali ndi agogo ena aakazi ochokera cha kwa Tengani, adalipiriridwa ndi mdzukulu wawo, ndipo iwo sadabwerere selefi ayi. Kwawo amakamba kuti agogo awo aamuna adatengedwa nthawi ya nkhondo imeneyi osabwereranso, maliro sadalire, manda kulibe, nde iwo atamva kuti ku Zomba kuli mayina a onse omwe adafa adati ndikaone ndisanafe. Kuwerenga satha, mdzukuluyo amawawerengera mzere ndi mzere mphepo ikuwomba, ifenso tidagawana mbali kuthandiza. Dzinalo silidapezeke. Aphunzitsi aja adawafunsa kuti mayi, kodi adapita ngati msilikali kapena wonyamula katundu? Iwo adati ankati mtengatenga. Apo aphunzitsi adangogwedeza mutu, gaidi adayang'ana kumbali poti analibe choyankha.

Nkhani yake ndi yoti chipilalachi ndi cha KAR, cha ovala yunifolomu okhala ndi nambala. Asilikali ochoka mu Nyasaland pa nkhondoyo adali cha mma 19,000, koma amtengatenga adali pafupifupi 200,000, tangoganizani, dziko la anthu ochepa ngati mmene lidaliri nthawi imeneyo. Kumalo komwe nkhondo imayenda kudalibe misewu ya galimoto yokwanira, ng'ombe ndi mahatchi zimafa ndi kashembe, nde chilichonse, ufa, zipolopolo, mankhwala, mahema a azungu, chimayenda pamutu pa munthu, katundu wa makilo 25 kapena kuposa, ulendo wa masabata, ndipo wonyamulayo amayenera kudyanso pa zomwe zanyamulidwazo, chakudya chikachepa woyamba kumanidwa adali iyeyo. Ambiri sadadzipereke, mafumu amauzidwa kuti tikufuna amuna mwakuti, amesenjala nkumagwira anthu usiku, ena kumangidwira msonkho. Ndipo chomwe chidawapha kwambiri si chipolopolo koma kamwazi, malungo, chibayo, njala, kenaka chimfine chija cha 1918. Akafera panjira amangokwiriridwa pomwepo, ena osakwiriridwa nkomwe. John Chilembwe adaziona zikungoyamba, mu November 1914 adalemba kalata ku Nyasaland Times yodandaula kuti anthu osauka akukafera nkhondo yomwe si yawo, ndipo mu January 1915 mukudziwa zomwe zidachitika. Ngakhale bungwe la Angerezi losamala manda a nkhondo, Commonwealth War Graves Commission, lidavomera mu 2021 kuti anthu osachepera 116,000, mwinanso mpaka 350,000, ambiri mwa iwo a mu Africa muno ndi ku Middle East, sadakumbukiridwe ndi mayina awo kapena sadakumbukiridwe nkomwe. Chiboliboli cha ku Dar chija chomwe mnyamata wathu adaba chithunzi, pamodzi ndi zinzake za ku Nairobi ndi Mombasa, zimatchula amtengatenga ngati gulu koma dzina la munthu mmodzi palibe.

Nde ine funso langa kwa mwini geniyi ndi loti, makasitomala anu ndi anthu a Chikwawa ndi Nsanje, bwanji gaidi wanu alibe liwu ndi limodzi lomwe la kuchigwa? Chonsecho nkhondo imeneyi idadutsa pakhomo pathu penipeni. Nthawi imeneyo khomo la Nyasaland lidali kuno, katundu ndi asilikali ochokera kunyanja yaikulu amalowera pa Chinde, kukwera Zambezi pa sitima za pamadzi, nkukwera njanji yomwe idafika pa Chindio mu 1915, kudzera Port Herald yomwe ndi Nsanje yathuyi, Chiromo, mpaka Limbe. Wotsitsa ndi kukweza katundu ameneyo mukuganiza adali ndani? Mu 1917 kutsidya kwa Apwitikizi kudabuka nkhondo ya Makombe ku Barue yomwe anthu adaukira Apwitikiziwo, china mwa zoyambitsa chake chidali chomwechi chogwira anthu mokakamiza kukanyamula katundu ndi kulima misewu, ndipo itagonjetsedwa anthu ambiri adathawira mbali ino, mabanja ena a Chisena omwe tili nawo mmidzimu agogo awo adabwera nthawi imeneyo. Lettow-Vorbeck yemwe adalowa mu Mozambique kumapeto kwa 1917 ndipo mu July 1918 adamenya nkhondo pa Namacurra kufupi ndi Quelimane, komwe sikutali kwenikweni ndi ife, asanatembenuke nkukagonjera ku Abercorn, Mbala ya ku Zambia, pa 25 November 1918, masabata awiri ku Ulaya atasiya kale. Zonsezi adatiuza ndi aphunzitsi aja titakhala pa masitepe, ulere, pomwe yemwe tidamulipira akumvetsera nafe limodzi. Kunena zoona akadangowabwezera ndalama yawo abambo amenewa.

Agogo aja sadalire. Adapempha kuti tiimbe nyimbo imodzi ya maliro, tidaimba motsitsa, adapemphera mu Chisena, pomaliza adathokoza gaidi mu Chisena momwemo kuti takhuta mwananga, ndaona pomwe anzawo adalembedwa. Apa mpomwe mwini geni adandikhumudwitsa kachiwiri, pemphero lisanathe bwinobwino iye ali pa chitseko cha kosta kuloza wotchi kuti nthawi yatha tikwere kuphiri. Pa chipilala, chomwe ndi mutu wa ulendo wonse, sitidakwanitse ndi ola lomwe.

Mbali ina yomwe ikadakoma kuikamba pamalo ngati amenewa ndi ya asilikali a masiku ano, chifukwa nkhaniyi sidathere mu 1918. Ife a ku Nsanje tikukumbuka zaka za mma 1980 pomwe othawa nkhondo a ku Mozambique adadzaza pa Mankhokwe ndi malo ena mpaka kuchuluka kuposa eni mudzi, nthawi yomweyo asilikali athu akulondera njanji ya Nacala ndipo ena adatsalira komweko. Ku DRC mu November 2018 tidataya asilikali 6 kufupi ndi Beni, mmodzi wa iwo Private Chancy Chitete yemwe adafa akupulumutsa msilikali mnzake wa ku Tanzania ndipo United Nations idamupatsa mendulo ya Captain Mbaye Diagne mu 2019, kenaka mu January 2025 enanso atatu kummawa kwa DRC komweko. Mu kosta mwathu mudali mayi wina yemwe mwana wake ali ku usilikali, iye ndi amene adayambitsa nkhaniyi pobwerera, osati gaidi. Anthu omwe akutengedwa pa maulendowa ali ndi abale mu yunifolomu lero lino, si nkhani ya mbuku la Sitandade 7 yokha ayi.

Kuphiri kudali bho, sindinama, damu la Mulunguzi ndi lokongola ndipo kwa munthu wozolowera kuona Shire wamatope madzi oyera chonchija amadabwitsa, anyamata ogulitsa zipatso ndi mbatatesi ali mbwee mumsewu, nenererani mtengo musachite manyazi. Koma tidakhalako nthawi yaitali kuposa pa chipilala kungoti anthu ajambulitse. Lanchi idali mpunga wa nkhuku mu timabokosi, wophikidwa mbandakucha ku Nchalo, pofika nthawi yodya udali utazizira ngati mphepo yomwe, nkhuku yake kachidutswa koti ukayang'ana kumbali mnzako watha kale. Ambiri tidakhuta pobwerera pa Dyeratu ndi kanyenya wa mbuzi wa ndalama zathu. Madzi botolo limodzi tsiku lonse ndi nthabwala, tengani anu. Za chimbudzi adaganizako, amaima pa filing'i siteshoni popita ndi pobwera, azimayi sadavutike.

Kodi ndingalimbikitse munthu kupita? Eya, makamaka asukulu ndi magulu a mpingo, chifukwa panokha kuchoka Ngabu kapena Bangula kukafika Zomba nkubwerera tsiku lomwelo pa maminibasi olumikiza simungakwanitse, ndipo dalaivala uja ndi woti ungamupatse ana ako. Pa nyenyezi zisanu ndikupatsa zitatu, imodzi yapita ndi flaya yabodza pamodzi ndi lanchi, ina yapita ndi kutithamangitsa komanso gaidi wosadziwa za kwawo komwe.

Mukamabuka muuzeni mwini geniyo zinthu izi poyera musanapereke dipoziti. Pa chipilala mukufuna maola awiri osachepera, kuphiri kukhale kongomalizira. Ngati muli ndi achikulire omwe akukafuna dzina la kholo lawo, afunseni kunyumba komweko ngati adali msilikali kapena mtengatenga, ndipo muwauze zoona asanakwere galimoto, komanso mufunse mayina onse omwe munthuyo ankadziwika nawo poti ambiri polembetsa amapereka dzina lina. Ndipo ngati mungathe, sungani ndalamayo mpaka November, Lamulungu lachiwiri la mweziwo ndi pomwe pamakhala mwambo wokumbukira asilikali, ku Zomba, ku chipilala cha ku Area 18 ku Lilongwe ndi ku Mzuzu, 11 koloko lipenga limalira anthu nkukhala chete mphindi ziwiri, nkhata zimayalidwa, ndipo mumaonana ndi asilikali akale a bungwe la VELOM atavala mamendulo awo, timaluwa tofiira ta popi tomwe amagulitsa sabata imeneyo ndalama yake imathandiza iwowo. Mwini geni akuti chaka chino akufuna kukonza ulendo wa tsiku limenelo, ndamuuza kuti anyamuke 3 koloko yeniyeni osati ya pa flaya, chifukwa tsikulo misewu ya kufupi ndi chipilala imadzaza msanga, ndipo aphunzitsi aja ndamupatsa kale nambala yawo.